Mwana wa Pachitsime ndi Sukulu za ku China

Madzulo a pa 13 Okutobala 2011, mwana wamkazi wa zaka ziwiri anagundidwa ndi galimoto m'kanjira ka mumsika wa zitsulo mumzinda wa Foshan, kummwera kwa China. Dalaivala anapitiriza ulendo wake. Kamera ya pa sitolo ina inajambula zomwe zinatsatira. Kwa mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri, anthu 18 anadutsa pamalopo, ena wapansi, ena panjinga, ndipo palibe amene anawerama. Galimoto yachiwiri inabwera n'kumupondanso mwanayo. Amene anaima anali mayi wina wachikulire wotola zinthu zotayidwa kuti akagulitse. Iye anamukokera mwanayo pambali nayamba kufuula, kufunafuna makolo ake. Patatha masiku asanu ndi atatu, mwanayo anamwalira m'chipatala.

Dziko lonse linagwidwa ndi manyazi, ndipo anthu anafunsana chomwe chalakwika ndi mtima wa mtundu wawo. Funsoli linapweteka kwambiri chifukwa cha chiphunzitso china chakale chomwe anthu a ku China amachidziwa bwino. Mencius, katswiri wa nzeru amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 300 BC, anaphunzitsa kuti munthu aliyense akaona mwana ali pafupi kugwera m'chitsime, mtima wake umalumpha nthawi yomweyo. Umalumpha asanaganize zoti makolo a mwanayo adzamuthokoza kapena zoti anansi adzamutama. Mencius ankati kulumpha kwa mtima kumeneku ndi mphukira ya ubwino yomwe munthu amabadwa nayo, ndipo ntchito ya maphunziro ndi kuithirira. Zolemba zake zimawerengedwabe m'sukulu mpaka lero. Koma ku Foshan mwana anali pachitsime, ndipo anthu anadutsa.

Sitikulemba izi kuti tiloze chala anthu a ku China, pakuti mzinda waukulu uliwonse uli ndi odutsa ake. Tikulemba chifukwa ndi mayiko ochepa omwe ayesetsa kwa nthawi yaitali ndiponso mwadongosolo, monga lachitira dziko la China, kuphunzitsa makhalidwe kudzera m'sukulu. Kuphunzitsa makhalidwe, komwe iwo amakutcha deyu, kumatchulidwa poyamba pa zolinga za maphunziro, patsogolo pa nzeru ndi mphamvu za thupi. Mbiri yawo ingatithandize kuyankha mafunso omwe kholo ndi mphunzitsi aliyense amakumana nawo. Kodi ubwino ungaphunzitsidwe m'kalasi? Ngati ungaphunzitsidwe, ndani ali ndi udindo wonena chomwe chili chabwino? Nanga mwana womvera ndi mwana wabwino ndi munthu mmodzi?

Mlimi ndi mmisiri

Confucius anabadwa m'chaka cha 551 BC m'dera la Qufu, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa Shandong. Ankalandira ophunzira olemera ndi osauka omwe, ndipo cholinga chake chinali kuumba munthu wolemekezeka chifukwa cha khalidwe lake, ngakhale atabadwira m'banja losadziwika. Pa chiphunzitso chake panali mizati ingapo: ren, liwu lomwe tanthauzo lake layandikana kwambiri ndi umunthu, li, mwambo ndi ulemu woyenera pa malo aliwonse, ndi xiao, kulemekeza ndi kusamalira makolo. Anachenjezanso olamulira kuti anthu owongoleredwa ndi zilango amapewa kulakwa koma amataya manyazi, pomwe anthu otsogoleredwa ndi chitsanzo chabwino amakhala ndi manyazi ndipo amadziwongolera okha.

Otsatira ake sanagwirizane pa chilichonse. Mencius ankaona mphunzitsi ngati mlimi amene wapeza mbewu ili kale m'nthaka. Xunzi, amene anabwera pambuyo pake, ankati munthu amabadwa ndi zilakolako zomwe zikasiyidwa zimabala mikangano, choncho ali ngati thabwa lokhota lofunika kuliwongola ndi zipangizo. Kwa iye mphunzitsi ndi mmisiri. Onse awiri akanavomereza mwambi wathu wakuti m'mera m'poyamba, koma akanasiyana pa njira. Mlimi amakhulupirira kuti muli kanthu kamoyo mwa mwana komwe sikanachokere kwa iye. Mmisiri amakhala ndi chithunzi cha chomwe akufuna kupanga, ndipo thabwa liyenera kugonjera chithunzicho. Mbiri ya maphunziro a makhalidwe ku China yakhala ikupendekera uku ndi uku pakati pa awiriwa.

Boma linazindikira msanga phindu la mmisiri. M'chaka cha 124 BC, mfumu yaikulu Wu ya ufumu wa Han inakhazikitsa sukulu yapamwamba yophunzitsa mabuku a Confucius kwa anthu odzagwira ntchito m'boma. M'nthawi ya ufumu wa Sui, cha m'ma 600, kunayambika mayeso a keju osankhira akuluakulu a boma, ndipo anakhalapo kwa zaka pafupifupi 1,300. Kuyambira mu 1313, mabuku anayi omwe Zhu Xi anawasanja ndi kuwamasulira ndiwo anakhala maziko a mayesowo. Dongosololi linali ndi ubwino wake. Pa malamulo, mwana wa mlimi akanatha kukwera mpaka kukhala nduna, ndipo mtundu wonse unazolowera kulemekeza buku ndi mphunzitsi.

Koma pamene ubwino unasanduka phunziro la mayeso, anthu anayamba kuuloweza m'malo mouchita. Wu Jingzi, wolemba wa m'zaka za m'ma 1700, anajambula matendawa m'buku lake lotchuka Rulin Waishi. Mmenemo muli Fan Jin, munthu amene analephera mayeso kwa zaka zoposa 30, ndipo tsiku lomwe anamva kuti wakhoza anachita misala ndi chimwemwe, mpaka apongozi ake ogulitsa nyama anachita kumumenya mbama kuti nzeru zibwerere. Kale iye asanalembe, Wang Yangming, amene anamwalira mu 1529, anali ataphunzitsa kuti kudziwa ndi kuchita n'chinthu chimodzi: munthu amene amayankha bwino za kulemekeza makolo koma sawasamalira, sanadziwebe kanthu.

Panalinso vuto lachiwiri. Mabuku a makhalidwe anali ndi mano, ndipo olamulira ena anayesa kuwazula. Mencius anaphunzitsa kuti anthu wamba ndi ofunika kuposa mfumu, ndiponso kuti wolamulira wankhanza wataya kale ufumu wake. Mfumu Hongwu, yomwe inayambitsa ufumu wa Ming, sinakondwere nazo, ndipo mu 1394 kunatuluka buku la Mencius lodulidwa, ndime zoposa 80 zitachotsedwa kuti zisafunsidwe pa mayeso. Apa tikuona chinthu chomwe chidzabwerenso: wolamulira amafuna ana aulemu, koma ulemu womwe amaukonda kwambiri ndi uja woloza kwa iye.

Chomwe chinkateteza mtundu pa nthawiyo n'chakuti boma silinali mphunzitsi yekhayo. Panali sukulu za mabanja ndi mafuko, sukulu zoyendetsedwa ndi akatswiri paokha, nyumba za amonke a Chibuda ndi mizikiti. Pakati pa Asilamu olankhula Chitchaina, Hu Dengzhou wa ku Shaanxi, amene anakhala m'zaka za m'ma 1500, anayambitsa dongosolo la maphunziro a m'mizikiti lomwe linafalikira m'zigawo zambiri. Pambuyo pake Wang Daiyu ndi Liu Zhi analemba mabuku ofotokoza Chisilamu m'Chitchaina, pogwiritsa ntchito mawu a makhalidwe omwe ophunzira a Confucius ankawadziwa. Mwana wa ku China ankatha kumva za kulemekeza makolo kuchokera m'milomo yosiyanasiyana, ndipo mlomo uliwonse unkapereka chifukwa chake.

Zaka za kugumula ndi kumanganso

Mayeso a keju anathetsedwa mu 1905, dziko litachititsidwa manyazi pa nkhondo zingapo ndi mayiko a ku Ulaya ndi Japan. Sukulu zamakono zinayamba ndi phunziro lotchedwa xiushen, kutanthauza kudzikonza wekha. Ufumu utatha mu 1912, nduna yoyamba ya zamaphunziro, Cai Yuanpei, inachotsa kuwerenga mabuku akale a Confucius m'sukulu za pulayimale. Achinyamata a gulu la pa 4 Meyi 1919 anaimba mlandu chiphunzitso chakalecho kuti chinapondereza akazi ndi ana n'kufooketsa dziko. M'zaka za m'ma 1920 phunziro la unzika linalowa m'malo mwa xiushen, ndipo chipani cha Kuomintang chitatenga boma chinalowetsa mfundo za Sun Yat-sen m'silabasi. Panalinso alimi. Tao Xingzhi anatsegula sukulu ya aphunzitsi kumudzi wa Xiaozhuang pafupi ndi Nanjing mu 1927, pokhulupirira kuti moyo wa tsiku ndi tsiku ndiwo sukulu yeniyeni.

Chipani cha Chikomyunizimu chitapambana mu 1949, chinaika zinthu zisanu zoti nzika iliyonse izikonda: dziko, anthu, ntchito, sayansi ndi katundu wa boma. Ana a pulayimale anayamba kulowa gulu la Young Pioneers ndi kuvala kansalu kofiira m'khosi, monga achitira mpaka lero. Mu 1963 Mao Zedong analamula dziko kuti liphunzire kwa Lei Feng, msilikali wachinyamata amene anafa pa ngozi chaka chapitacho, yemwe ankamufotokoza kuti anali wodzichepetsa, wothandiza aliyense ndiponso wokhulupirika kotheratu ku chipani. Mwa Lei Feng zinthu ziwiri zinamangidwa mtolo umodzi, chifundo ndi kumvera, ndipo mwana sankapatsidwa mpata wofunsa chomwe angachite ziwirizi zikasemphana.

Zinasemphana mu 1966. M'nyengo yotchedwa Cultural Revolution, ophunzira anauzidwa kuti aukire chilichonse chakale ndi aliyense wotchedwa mdani wa chipani. Pa 5 Ogasiti chaka chomwecho, Bian Zhongyun, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina yapamwamba ya atsikana ku Beijing, anamenyedwa ndi ophunzira ake mpaka kufa. Kachisi ndi manda a banja la Confucius ku Qufu zinaonongedwa, mizikiti ndi matchalitchi zinatsekedwa, ndipo ana ena ananeneza makolo awo. Tiyenera kuima pa mfundo imeneyi, chifukwa ndi yolemera. Ana amene anachita izi sanali osaphunzitsidwa makhalidwe. Anali ataphunzitsidwa mwakhama, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti akuchita zabwino. Anali ataphunzira kuti ubwino ndi kukhulupirika kwa mtsogoleri, ndipo mtsogoleri ataloza mphunzitsi wawo, mtima uja wa pachitsime unalibe mawu oti udziteteze nawo.

Msika, mayeso ndi mbendera

Mao atamwalira mu 1976, mayeso olowera ku yunivesite, otchedwa gaokao, anabwezeretsedwa mu 1977. Anthu pafupifupi 5.7 miliyoni analemba, ndipo osakwana 300,000 ndiwo anatengedwa. Deng Xiaoping anatsegula chuma, ndipo lamulo la 1986 linakakamiza mwana aliyense kuphunzira zaka zisanu ndi zinayi. Zionetsero za ophunzira pa bwalo la Tiananmen zitathetsedwa ndi asilikali mu 1989, Deng ananena kuti cholakwika chachikulu cha zaka khumi zapitazo chinali pa maphunziro, kutanthauza kuphunzitsa anthu maganizo a ndale. Zotsatira zake zinali ndondomeko ya 1994 ya maphunziro okonda dziko, yomwe inatsindika mbiri ya kuzunzidwa kwa China ndi mayiko akunja, kukweza mbendera ndi kuyendera malo a chikumbutso.

Komabe alimi sanathe. Pa kusintha kwa silabasi komwe kunayamba mu 2001, akatswiri monga mayi Lu Jie a ku Nanjing Normal University analimbikitsa kuti phunziro la makhalidwe libwerere ku moyo wa mwana. Ana a m'makalasi oyamba anapatsidwa phunziro la Makhalidwe ndi Moyo, ndipo okulirapo la Makhalidwe ndi Anthu. M'malo moloweza mawu akuluakulu, ankakambirana za mkangano ndi mnzawo, za kutola chinthu cha mwini, za agogo odwala. Maganizo ake anali akuti mwana amene sanaphunzire kuchitira chifundo mnzake wokhala naye pa desiki sangakonde anthu mabiliyoni omwe sanawaonepo.

Koma kalasi siphunzitsa yokha. Kunja kwa mpanda wa sukulu, ndalama zinali zitayamba kulamulira. Mu 2008 mkaka wa ufa wa makanda unapezeka utathiridwa mankhwala a melamine kuti uoneke ngati uli ndi zomanga thupi zambiri. Ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira. Chaka chimodzi izi zisanachitike, khoti lina ku Nanjing linalamula mnyamata amene anapititsa kuchipatala gogo wakugwa pa siteji ya basi kuti alipire gawo la ndalama za chithandizo, ndipo mwa zifukwa zake linati munthu wosalakwa sakanachita kufika pamenepo. Patapita zaka, akuluakulu a mzindawo ananena kuti mnyamatayo anavomera kuti anawombana ndi gogoyo, koma phunziro linali litalowa kale m'mitima: ukathandiza wakugwa, ungasenze mlandu. Ambiri anakumbukira chigamulochi poyesa kumvetsa za ku Foshan. Mu 2017 boma linaika m'malamulo ndime yoteteza munthu wothandiza mnzake pa ngozi kuti asalipitsidwe.

M'kati mwa mpanda namo muli mphunzitsi wina wamphamvu kuposa buku la makhalidwe. Mayeso a gaokao, omwe kawirikawiri amayamba pa 7 Juni, analembetsa ophunzira oposa 13 miliyoni mu 2024. Mwana amamva m'mawa kuti athandize anzake, koma tsiku lonse amaona kuti mnzake aliyense amene wakhoza bwino wamukankhira pansi pa mndandanda. Qian Liqun, amene anaphunzitsa kwa nthawi yaitali pa Peking University, anadandaula kuti sukulu zapamwamba zikutulutsa anthu odzikonda osalala, odziwa kulankhula zoyenera pamaso pa oyenera kuti apeze zomwe akufuna. Ndi Fan Jin yemwe uja atavala zovala zamakono. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira mu 2012, m'nthawi ya Xi Jinping, boma lalimbitsa dzanja lake. Linalengeza mfundo 12 zomwe zalembedwa pa makoma a sukulu ndi m'misewu: chitukuko, demokalase, ulemu, mgwirizano, ufulu, kufanana, chilungamo, ulamuliro wa malamulo, kukonda dziko, kudzipereka pa ntchito, kukhulupirika ndi ubwenzi. Mu 2016 phunziro la makhalidwe linasinthidwa dzina kukhala Makhalidwe ndi Malamulo, ndipo kuyambira mu 2017 sukulu zonse zinayamba kugwiritsa ntchito mabuku amodzi olembedwa motsogozedwa ndi unduna. Mu 2021 maganizo a Xi Jinping analowa m'silabasi kuyambira ku pulayimale. Chaka chomwecho boma linachepetsa ntchito yokalembera kunyumba, linaletsa makalasi apadera ochita malonda pa maphunziro akuluakulu, ndipo linalola ana kusewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Confucius, amene anagwetsedwa mu 1966, wabwereranso m'mabuku ngati chuma cha mtundu.

Kuyeza pa sikelo

Kungakhale kusaona mtima kunena kuti zonsezi ndi chinyengo. Dziko lomwe anthu ambiri sankadziwa kuwerenga mu 1949 linapeza pa kalembera wa 2020 kuti osadziwa kuwerenga atsala osakwana atatu pa 100 alionse. Ana ambiri amasesa okha makalasi awo, amaimirira kupereka moni kwa mphunzitsi, ndipo pa 10 Sepitembala dziko limakumbukira aphunzitsi. Boma lomwe laona ana akutopa ndi mayeso ndi mafoni n'kuchitapo kanthu lachita zomwe maboma ambiri amangolankhula. Tiyeneranso kuvomereza kuti palibe sukulu yopanda mbali. Dziko lililonse limaimbitsa ana nyimbo ya fuko ndi kusankha ngwazi zoika m'mabuku. Sukulu yomwe yakana kunena chabwino ndi choipa yangosiyira ntchitoyo msika ndi foni, ndipo awiriwa sachita manyazi.

Xunzi nayenso sanalakwe kotheratu. Mphukira yosiyidwa yokha imafota. Mwana amaphunzira ulemu pouchita mobwerezabwereza asanamvetse chifukwa chake, monga amaphunzirira kusamba m'manja. Chizolowezi, mwambo ndi chilango choyenera zili ndi malo ake, ndipo amene amafuna kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri adzipezere yekha makhalidwe onse akumusenzetsa katundu wosayenera msinkhu wake.

Pomwe tikuona ngozi ndi pa malire a ntchito ya mmisiri. Kumvera ndi chida, ndipo ubwino wake umadalira amene wagwira chidacho. Mwana womvera amakhala wabwino malinga ngati womulamula ali wabwino. Ubwino weniweni uli ndi mbali imodzi yomwe kumvera kulibe: umatha kukana. Umatha kuuza bwana kuti mkaka uwu sitigulitsa, kapena kuuza gulu lokwiya kuti mphunzitsi uyu sitimumenya. Maphunziro a makhalidwe amayesedwa pa tsiku lomwe lamulo ndi chikumbumtima zasiyana njira, ndipo sukulu yomwe yaphunzitsa kuti tsiku lotere silingabwere yasiya ana ake opanda chotchinjiriza. Chiphunzitso cha Confucius chinkadziwa izi, n'chifukwa chake chinkatama nduna yolimba mtima yodzudzula mfumu ngakhale moika moyo wake pachiswe. Funso lomwe tingafunse pa kubwerera kwa Confucius m'sukulu za lero ndi lakuti kodi wabwera wathunthu, kapena ndi buku lija la 1394.

Za m'tsogolo

Tikuona zinthu zitatu zomwe zidzaumba tsogolo la nkhaniyi. Choyamba ndi diso la makina. Mu 2018 sukulu ina ya sekondale ku Hangzhou inayesa makamera owerenga nkhope za ophunzira kuti adziwe amene akutsatira phunziro, ndipo mu 2019 sukulu ina ya pulayimale ku Jinhua inaveka ana zipangizo za kumutu zoyeza chidwi chawo. Makolo ndi anthu ambiri a ku China anadandaula, ndipo zipangizo za kumutuzo zinasiyidwa. Kudandaula kwawo kunali kwanzeru. Mabuku awo akale amaphunzitsa kuti munthu wolemekezeka amadzisamala kwambiri pamene ali yekha. Mwana amene sakhala yekha chifukwa kamera ili pa iye nthawi zonse angaphunzire kuoneka wabwino, koma sapeza mpata wosankha ubwino. Tikumbukire kuti ku Foshan kamera inalipo. Inaona zonse ndipo sinadzutse munthu.

Chachiwiri ndi banja. Lamulo la mwana mmodzi, lomwe linagwira ntchito kuyambira cha mu 1980 mpaka 2015, linabala mbadwo wa m'mizinda wokula wopanda mbale kapena mlongo wogawana naye chakudya. Kumidzi, bungwe la amayi la dzikolo linati mu 2013 ana oposa 60 miliyoni anali atasiyidwa ndi kholo limodzi kapena onse awiri opita kukagwira ntchito m'mizinda. Boma lazindikira kuti sukulu singalowe m'malo mwa nyumba, ndipo lamulo lolimbikitsa maphunziro a m'banja linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, likuika udindo wolera khalidwe la mwana pa makolo. Cholinga n'chabwino, koma lamulo silingapatse kholo nthawi yomwe fakitale yamulanda. Pamene chiwerengero cha anthu chinayamba kutsika mu 2022 ndipo okalamba akuchuluka, xiao ikhala nkhani ya mwana mmodzi wosamalira makolo awiri, mwinanso ndi agogo anayi.

Chachitatu ndi malo a chikhulupiriro. Lamulo la maphunziro la 1995 limalekanitsa sukulu ndi chipembedzo, ndipo m'zaka zaposachedwapa madera ambiri aletsa ana osakwana zaka 18 kulandira maphunziro a chipembedzo, kaya kumzikiti kaya kutchalitchi. Lamulo la maphunziro okonda dziko, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024, likukhudzanso mabungwe a zipembedzo. Ku Xinjiang, ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena mu Ogasiti 2022 kuti Asilamu a mtundu wa Uyghur ndi ena aphwanyiridwa ufulu kwambiri, ndipo mu 2023 akatswiri a bungweli anadandaula za ana a ku Tibet ndi Xinjiang oikidwa m'sukulu zogonera komweko, kutali ndi chilankhulo ndi mwambo wa makolo awo. Boma la China limakana zonsezi ndipo limati likulimbana ndi uchigawenga ndi umphawi. Ife tikuona kuti dziko lomwe limaphunzitsa kulemekeza makolo likudzitsutsa lokha likamaletsa kholo kupatsira mwana wake chomwe limachiona chopatulika. Liu Zhi anaonetsa zaka 300 zapitazo kuti munthu angathe kukhala Msilamu wathunthu ndi mwana wathunthu wa China. Mtsinje wa makhalidwe ukadaliritsidwa pa kasupe mmodzi, kasupeyo akadetsedwa palibe kwina kotunga.

Yankho lathu ku mafunso aja ndi ili. Sukulu ingaphunzitse ubwino, koma siingaupange. Ingapatse mwana zizolowezi, mawu otchulira zomwe mtima wake ukumva, nkhani za anthu amene anaima pamene ena ankadutsa, ndi aphunzitsi omwe moyo wawo sukutsutsa buku lomwe lili m'manja mwawo. Ingaonongenso zonsezi ngati mayeso ake, makhoti a dziko ndi zochita za akuluakulu zikuphunzitsa zosiyana. Ndipo udindo wonena chomwe chili chabwino ndi waukulu kwambiri kuti uperekedwe kwa mwini mmodzi, ngakhale mwiniyo atakhala boma lanzeru chotani.

Mayi uja wa ku Foshan anapatsidwa mphatso ya ndalama, atolankhani anamuzinga, ndipo ena anayamba kumunena kuti anachita zimenezo pofuna kutchuka. Mencius anali atayankha kale mlanduwu pamene anati mtima wa pachitsime umalumpha usanaganize za kutamandidwa. Kunenedwa kwa mayiyo kukuonetsa kuti chomwe chimatha msanga mu mtundu wa anthu ndi chikhulupiriro chakuti munthu angachite chabwino popanda chifukwa china. Ana a ku China mamiliyoni ambiri alowa m'kalasi mawa atavala kansalu kofiira, ndipo adzaloweza mfundo 12 zija mosavuta. Zomwe aphunzitsi awo, makolo awo ndi atsogoleri awo ayenera kudzifunsa, ndipo ifenso pamodzi nawo za ana athu, n'zakuti pakati pa anawo ndi angati amene, atapeza mwana wa mwini ali gone pamsewu, popanda wowalamula ndiponso popanda malikisi, adzatula katundu wawo pansi n'kuwerama.